Kaphazi ka Nkhuku Pakona ya Galasi

Tisa ndi Dalitso, ana anga, za ubwana wanga ku Linda sindilemba, munazimva kale kwa azakhali anu mpaka makutu kuwawa. Ndilemba za ntchito ya tinti, yomata filimu yotchinga dzuwa pa magalasi a galimoto, imene inakudyetsani ndi kukuphunzitsani, komanso za munthu mmodzi amene ndinamuchitira nsanje kuyambira tsiku limene ndinamuona. Lero ali m'manda, koma nsanjeyo sinapite naye, ndili nayo pano pamene ndakhala.

Chaka chimene ndinakwatira amayi anu

Ntchito yanga yoyamba yooneka ndinaipeza ku Maramba, kuseri kwa msika, pa galaja ya ba Munsanje. Kanali kashedi ka malata, kotentha ngati uvuni mwezi wa Okutobala. Tinalembedwa awiri sabata imodzi, ine ndi Likando, Mlozi wamtali woseka ndi aliyense, wodziwa Chitonga, Chilozi ndi Chingelezi chotsekemera. Ine ndinali wamfupi, wosalankhulalankhula, komanso wamanzere. Ba Munsanje anatiphunzitsa okha. Umayamba wathira madzi pansi kuti fumbi ligone, chifukwa kamchenga kamodzi kakalowa pakati pa galasi ndi filimu, kakhala pomwepo mpaka galimoto idzafe. Umatsuka galasi ndi madzi a sopo, kuyala filimu kunja, kuicheka ndi lezala motsatira m'mphepete, kenaka kuimata m'kati n'kufinya madzi ndi kalabala. Galasi lakumbuyo ndiye linali mayeso a munthu, poti n'lopindika. Umaifewetsa filimuyo ndi mpweya wotentha pang'onopang'ono mpaka igone yokha, ukapupuluma imachita makwinya ndipo wataya katundu wa abwana.

Ba Munsanje anali ndi lamulo lawo limene sindinalionepo pa galaja ina. Tsiku lina anatiitana nati, “Aliyense azicheka kachizindikilo kake pa kona ya galasi ya kumbuyo. Kasitomala akabwela kudandaula, nifuna niziziba ni ndani nizagwila pa khosi.” Likando anasankha kaphazi ka nkhuku, timizere titatu tokumana pansi. Ine ndinasankha kamwezi. Tinali tizinthu tating'ono, chikhadabo cha chala chaching'ono chimatibisa. Koma Livingstone ndi tauni yaing'ono, ndipo pasanapite nthawi madalaivala a matakisi anatidziwa. Munthu asanagule galimoto kwa mnzake, amawerama pakona kuona kuti tinti ndi ya ndani. Dzina lako limayenda m'tauni pa magalasi a anthu, iwe uli phee pa shedi.

Mumvetse za mafilimu, apo ayi simumvetsa chimene chinkandidya. Inalipo yotchipa, ya utoto chabe. Tsiku loyamba imakongola, yakuda bii, koma dzuwa la kuno silichita nayo chibwana: pakatha chilimwe chimodzi kapena ziwiri imasanduka mtundu wa jivi, mankhwala aja opaka pa zilonda, n'kutuluka matuza. Inalipo ya chitsulo, yonyezimira, yolimba ndithu, koma mafoni atachuluka anthu anayamba kudandaula kuti m'galimoto netiweki ikuvuta. Pambuyo pake kunabwera ya kaboni, yakuda mosanyezimira, ndipo pamapeto penipeni mfumu ya onse, ya seramiki. Imeneyo sichita kuda kwambiri, apolisi pamsewu sakuvutitsa nayo, koma ukakhala m'kati masana dzuwa silikuluma pakhungu. Mtengo wake ndiye eee! Ndalama ya galimoto imodzi ya seramiki ukanamatira matakisi angapo ndi yotchipa ija.

Chaka chimene unabadwa iwe Tisa

Bizinesi itakula, ba Munsanje anatsegula shopu yachiwiri m'tauni, ya simenti pansi, ya zitseko zotseka bwino, kufupi ndi kumene kumadutsa magalimoto a maloji onyamula alendo okaona mathithi. Tonse tinkadziwa kuti wopita kumeneko azigwira filimu yabwino yokhayokha. Ine ndinali nditagula kale malaya atsopano. Lolemba m'mawa abwana anaima pakhomo la shedi nati, “Likando, tenga vintu vako, uyenda ku tauni. Sakala, iwe uzasala kuno.”

Ndinawatsatira mpaka pa galimoto yawo. “Ba bosi, nalakwa chani ine? Galasi ya kumbuyo nimasiliza bwino kuchila Likando, imwe mwamene muziba.”

“Sunalakwe, mwana wanga,” anatero. “Koma filimu ya ndalama siningapase muntu wa kumanzele. Nikakuona na lezala mutima umanichoka. Elo bazungu bafuna muntu woseka. Iwe nkope yako ili monga bakukongola.”

Basi, mlandu unathera pomwepo. Dzanja limene Mulungu anandipatsa ndi nkhope imene ndinatengera kwa agogo anu. Likando anabwera kudzandigwira paphewa, akuti, “Osadandaula mudala, tizazionana.” Ndinalichotsa dzanja lakelo. Madzulo amayi anu anandiikira chakudya ine osachikhudza, ndipo malaya aja ndinakawapereka kwa mlamu wanga.

Kuyambira pamenepo moyo wathu unagawikana. Kwa Likando kumapita magalimoto a maloji, a madokotala, a anthu a mabanki. Kwa ine kumabwera matakisi ndi maminibasi, anthu oti ndalama ya lero ndi ya lero. Ndinkawauza chilungamo. Ndinkati, “Ba dalaiva, iyi yochipa izasintha kala, sungani ndalama pang'ono muike ya kaboni.” Yankho linali limodzi: “Ba Sakala, ikani chabe yamene ilipo, bana bafuna kudya.” Ndiwadzudzule bwanji? Ndinkaimata ndi luso langa lonse, popanda kamchenga, popanda khwinya, n'kucheka kamwezi kanga. Pakatha chaka galimoto ija imadutsa pa msika itasanduka jivi, matuza ali mbwee, kamwezi kanga kali pakona. Anyamata oitanira maminibasi anandipatsa dzina loti ba Jivi. Iwe Dalitso unabwerapo kuchokera kusukulu ukulira chifukwa cha dzina limeneli, ukukumbuka?

Pamene magalimoto a kaphazi ka nkhuku ankangoyenda akuda bwinobwino chaka ndi chaka. Anthu ankati Likando ali ndi dzanja. Dzanja lanji? Mupatseni jivi muone! Ndikamuona Loweruka atavala ovolosi yoyera, mlendo akumujambula chithunzi, ndinkatembenuka n'kudzera njira ina. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha ife tikadali pa lendi. Mkazi wake, bamake Sepo, ankabwera kutchalitchi ndi chitenge chatsopano mwezi uliwonse, ndipo ine ndinkayang'ana chitenge cha amayi anu n'kulephera kuimba. Choipitsitsa n'chakuti munthuyo sanandilakwirepo. Pamaliro a agogo anu anabwera ndi thumba la ufa, nakhala nafe mpaka kumanda. Ndinkafunitsitsa atandinyoza kamodzi kokha kuti ndipeze chifukwa chomudera, koma ayi ndithu.

Pakati apo abwana ananditumiza ku Kazungula kwa zaka zingapo, kukamata magalasi a mathiraki odikira kuwoloka mtsinje pamalire. Fumbi la kumeneko silimva madzi. Ndinkagona m'kachipinda ka malata, kubwera kunyumba pakutha pa mwezi. Kumenekonso inali yotchipa yomweyo. Pemphero langa zaka zonsezo linali limodzi, ndipo musaseke: galimoto imodzi yokha ya seramiki, yokhala ndi kamwezi kanga, iziyenda m'Livingstone muno anthu aone chimene dzanja lamanzere lingachite.

Chaka cha kolona

Malire atatsekedwa, katundu anasiya kubwera kuchokera kumwera. Alendo anatha, maloji anatseka, ndipo ine ndinabwezedwa ku Maramba kumene tinkangokhala n'kumaingitsa ntchentche. Ngakhale ya jivi inasowa. Tinafika pomata zidutswa zotsala, galasi lina lakuda kwambiri, lina pang'ono, mwini wake n'kumathokoza. Ba Munsanje anali atakalamba, ankaopa matenda, moti ankayendetsa zonse pafoni ali kunyumba. Anachotsa anthu ambiri, tinatsala ine ku Maramba ndi Likando m'tauni. Ananenanso poyera kuti zinthu zikapanda kusintha atseka shopu imodzi, ndipo adzasunga munthu mmodzi.

Mu ofesi ya m'tauni munatsala mpukutu umodzi wa seramiki, wongokwanira galimoto imodzi, popanda yotsala yokonzera ukalakwitsa. Mayi wina wa ku Simonga, ba Mutinta, anali atagula galimoto yaikulu yoyera yoti azinyamulira akwati ndi alendo zinthu zikadzatseguka. Analipira mtengo wonse osanenerera, koma ananena mawu amodzi: akufuna kaphazi ka nkhuku. Nditamva ndinalavula.

Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi, ndinaona Likando pageti. Sanabwerepo kwathu popanda maliro. Amayi anu anamupatsa mpando pansi pa mango, namubweretsera tiyi. Anagwira kapu ndi manja awiri, koma tiyi ankatayikira pa thalauza, kapu ikugogoda mano. Anaiika pansi, natambasula manja ake kuti ndione. Ankanjenjemera ngati masamba.

“Yayamba chaka chatha,” anatero. “Ku chipatala bakuti siizasila. Nchito zing'ono nimabisa, nimagwila na manja yabili. Koma ija galasi ya kumbuyo ya ba Mutinta siningakwanise, mudala. Nikaononga ija filimu, ba bosi bazaziba. Sepo asala na chaka chimozi ku kosi ya unesi.”

“Manje ufuna nichite chani?” ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

“Bwela mailo. Tizavala chitseko. Palibe azaziba.”

Ana anga, ndikanati ndinamumvera chisoni nthawi yomweyo ndiye kuti ndikunama. Chimene chinayamba kubwera mumtima ndi chimwemwe. Ndinati, Mulungu wayankha! Sindinafunikire kuchita choipa chilichonse, kungokhala pansi pa mango wanga n'kunena kuti pepa. Mawa lake akanaononga filimu, kapena akanaulula yekha, ndipo shopu ya m'tauni ikanakhala yanga, pamodzi ndi seramiki yense wobwera malire akadzatseguka. Ndinamuuza kuti ndiganiza. Anadzuka, nayenda mpaka pageti, ndipo ndinaona akulimbana ndi kachitsulo kotsekera mpaka iwe Tisa unapita kukamutsegulira.

Amayi anu anamva zonse ali pakhomo. Sanandilalikire, mukuwadziwa. Anangotola kapu ija nati, “Zaka zonsezi mwakhala mukulira kuti mukufuna kugwira seramiki. Nayo yabwera yokha pageti.”

“Ndi chizindikiro cha wina!” ndinakalipa.

“Ndiye khalani. Koma Sepo akabwerako kusukulu ndi katundu pamutu, inu ndi amene mukamulandire pa siteshoni, poti nkhope yolimba muli nayo.”

Lolemba ndinapita. Sindinganene kuti chinandinyamula ndi chifundo chokha. Manja anga ankayabwa kufuna kuigwira filimu imeneyo, ndipo maganizo oti Likando aikwinyakwinya ndi manja onjenjemera ankandipweteka ngati akuononga chinthu changa. Tinatseka zitseko, ndinathira madzi pansi kawiri. Nditatambasula mpukutu uja ndinangoti, haa! Yosalala, yolemera bwino m'manja, yomvera lezala. Zaka zonse zija munthu uyu ankadya zotere ine ndikulimbana ndi mapepala a jivi! Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, iye n'kumangondipatsira botolo la madzi a sopo ngati wophunzira. Magalasi a m'mbali sanandivute. Lakumbuyo linali lalikulu, lopindika mbali zonse, ndipo ndinalitenga modekha, mpweya wotentha kudzanja lamanja, kalabala kumanzere, mpaka filimu inagona yonse popanda polumikiza. Titatulutsa galimotoyo padzuwa, galasi linkaoneka ngati linabadwa choncho. Sindinagwirepo ntchito yoposa imeneyo, kale kapena pambuyo pake.

Kunatsala chizindikiro. Ndinagwada pakona ndi lezala, ndipo dzanja linayamba lokha kupinda kamwezi. Likando anaona. Kenaka anati, “Ika kako, Sakala. Ni nchito yako iyi. Nizakamba na ba bosi, vamene vizachitika vichitike.”

Mukuona munthu ameneyu? Ngakhale pa ulemu anafuna andipose! Akanandichonderera, mwina ndikanacheka kamwezi. Koma anandipatsa mwaulere chinthu chimene ndinachilirira moyo wonse, podziwa kuti mwana wake achoka pasukulu. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinati, “Chokapo apa, unichingiliza laiti.” Ndinacheka timizere titatu, kaphazi ka nkhuku, n'kuponya lezala pansi. Ndinabwerera ku Maramba wapansi, osamutsanzika.

Sipanathe miyezi yambiri, ba Munsanje anatseka shedi ya ku Maramba. Anasunga Likando, poti ba Mutinta anali atamutamanda tauni yonse. Ine ndinayamba kuyenda ndi chikwama changa cha zida m'magalaja a anthu, kumata jivi pansi pa mitengo. Ntchito yaikulu ikabwera m'tauni, Likando ankandiitana mwakachetechete n'kundigawira, mpaka Sepo anamaliza kosi, Likandoyo n'kupuma yekha mwaulemu, akumuchitira phwando. Ine msana utandikanika ndinangosiya, popanda wondiombera m'manja.

Chaka cha ukwati wako Tisa, ndi chaka chatha

Pa ukwati wako, a kuchimuna anabwereka galimoto ya ba Mutinta. Ine ndinakhala nawe kumbuyo popita kutchalitchi, dzuwa lili ng'aa kunja, m'kati muli zii. Unagwira galasi ndi golovesi yako yoyera n'kunena kuti, “Adadi, onani nchito ya ba Likando. Zaka zonsezi sinasinthe olo pang'ono. Benze na dzanja bamudala baja.” Sunalakwe, mwana wanga, sunkadziwa. Ndinayankha kuti inde. Unaona misozi n'kuganiza kuti ndikulira poti ukuchoka pakhomo. Ina inali ya zimenezo.

Likando anamwalira chaka chatha. Pamaliro galimoto ija inanyamula banja, ndipo wolankhula m'malo mwa madalaivala anailoza nati aliyense wofuna kudziwa munthu amene tikuika lero akaone magalasi a galimotoyo. Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinali pa benchi lakumbuyo, ndikuchitira nsanje mtembo, komanso ntchito ya manja anga omwe. Pobwera kumanda, tikusamba m'manja pageti, bamake Sepo anandikokera pambali. Anati, “Ba Sakala, kaja ka kwendo ka nkuku pa motoka ya ba Mutinta kanapendamila ku manzele. Ba tate bake Sepo benze kunionesa nthawi zonse tikaipeza mu tauni. Benze kukamba ati, mu Livingstone yonse iyi ndiye nchito yamene nimachitila jelasi.”

Kani nayenso! Ndinapita kukaima pafupi ndi galimoto ija, n'kuwerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato. Kaphaziko kanalidi kopendekera kumanzere.

Likando ndinamulonjeza kuti sindidzanena iye ali moyo, ndipo ndasunga. Sepo ndi nesi tsopano, ndi amene amandiyeza magazi ndikapita kuchipatala, ndipo sadziwa kanthu. Musamuuze, atate ake akhale ndi dzina lawo. Ndalembera inu awiri basi. Magalimoto anga a jivi anatha onse, ena anagulitsidwa ngati zitsulo, ena eni ake anamatula, kamwezi simudzakapezanso paliponse. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Tsiku langa likadzafika, mudzabwereke galimoto ya ba Mutinta, mtengo wake usadzakuopseni, amayi anu adzakwere m'menemo kuti dzuwa lisadzawaotche popita kumanda. Wina akadzati onani ntchito ya ba Likando, musadzakangane naye pamaliro. Inu mudzangowerama pakona n'kuona kumene kaphaziko kanapendekera.